Malemu Alick Nkhata (1922–1978): Msilikali Amene Anabwera ndi Nyimbo

Aliyense wa ife amene amachoka kuno ku Kafue Estates kupita ku Lusaka kukaona abale ku Kalingalinga kapena ku Mtendere, ayenera kuti anadutsapo mu msewu wa Alick Nkhata. Ndiwo msewu umene muli nyumba ya wailesi ya dziko lino, ya ZNBC. Ana athu amalitchula dzinali tsiku ndi tsiku pouza kondakitala malo otsikira, koma tikawafunsa kuti mwini dzinalo anali yani, ambiri amangoti kakasi. Tsono pa nyengo ino ya mwambo, pamene tikukumbukira makolo ndi ntchito za manja ao, taona kuti nkoyenera kufotokoza mbiri ya bambo ameneyu. Anapita ku nkhondo ali mnyamata, anabwerako wamoyo, ndipo zaka zotsala za moyo wao anazipereka pa ntchito yosonkhanitsa nyimbo za makolo ndi kuzibweza m'makomo mwa eni ake.

Wina angafunse kuti, kodi m'kabuku ka Achewa mukulowa bwanji munthu amene sanabadwire kwathu ku M'mawa? Yankho lathu ndi lakuti akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. A Nkhata sanali Mchewa, koma anaimba m'Chinyanja pa wailesi, ndipo anachititsa kuti chinenero chathu chimveke m'maiko atatu pa nthawi imene atsamunda ankayesa miyambo yathu chinthu chachabe. Munthu wotere ngwathu, ndipo kumuiwala kungakhale kusayamika.

Kubadwa kwao

A Alick Nkhata anabadwira ku Kasama m'chaka cha 1922, pamene dziko lino linkatchedwa Northern Rhodesia ndipo linali lidakali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company. Bambo ao anali Mtonga wa ku nyanja, wochokera ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Mai ao anali Mbemba. Masiku amenewo amuna ambiri a m'mbali mwa nyanja ankachoka kwao kukafuna ntchito ku Northern Rhodesia, ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, ndipo ena ankakwatira komweko ndi kumanga mabanja.

Kotero mwanayo anakula pakati pa mitundu iwiri. Kwa anthu ena kubadwa kotere kumabweretsa chikaiko, chifukwa uku amati suli wathu, ukonso amati suli wathu. Kwa a Nkhata kunasanduka chuma. Khutu lao linazolowera msanga kumva zinenero zosiyana, ndipo atakula sanavutike kuimba m'Chibemba, m'Chinyanja ndi m'zinenero zina za dziko lino. Anaphunzira sukulu kufikira anachita maphunziro a uphunzitsi, imene inali imodzi mwa ntchito zochepa zolemekezeka zimene munthu wakuda ankaloledwa kugwira pa nthawiyo.

Ku nkhondo ya Hitler

M'mwezi wa Seputembala 1939 dziko la Britain linayamba kumenyana ndi Germany. Ndiyo nkhondo imene agogo athu ankaitcha nkhondo ya Hitler. Mlandu wake sunali wathu, koma boma la atsamunda linatumiza mau kwa mafumu kuti apereke anyamata. Gulu la asilikali a dziko lino, la Northern Rhodesia Regiment, linakula kufikira linakhala ndi mabataliyoni 8. Ku Nyasaland nako anyamata zikwizikwi analowa m'gulu la King's African Rifles. Ambiri mwa iwo anali olankhula Chinyanja, ochokera ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, ndi m'midzi ina ya kwathu.

Asilikali amenewa anayamba kumenyana ndi Ataliyana ku Somaliland, pa malo otchedwa Tug Argan, mu Ogasiti 1940. Kenaka anamenya nkhondo ku Ethiopia kufikira mzinda wa Gondar unagonja mu Novembala 1941. Ena anatumizidwa ku chilumba cha Madagascar mu 1942. Pambuyo pake anakwezedwa sitima za pamadzi kuoloka nyanja yaikulu kupita ku Ceylon ndi ku India, kuti akakumane ndi Ajapani m'nkhalango za ku Burma. A Nkhata anali mmodzi wa anyamata amene anafika ku Burmako, ali ndi zaka zongopitirira 20.

Nkhondo ya ku Burma inali yowawa zedi. M'chaka cha 1944 gulu lalikulu la asilikali a kuno ku Africa, la 11th East African Division, linalamulidwa kuthamangitsa Ajapani m'chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosakata. Misewu inasanduka matope, milatho inakokoloka, ndipo chakudya chinkachita kuponyedwa kuchokera m'ndege. Malungo, kamwazi ndi matenda ena a m'nkhalango anagwetsa anthu ambiri. Komabe anapirira kufikira anafika pa mtsinje wa Chindwin ndi kulanda tauni ya Kalewa kumayambiriro kwa Disembala 1944. Japan inagonja mu Ogasiti 1945, ndipo amene anatsala ndi moyo anayamba kubwezedwa kwao.

Maina a malo amenewa sali achilendo m'makutu mwathu, ngakhale ambiri sitidziwa kumene anachokera. Ku Ndola kuli malo a asilikali a Tug Argan ndi Kalewa, ku Kabwe kuli Chindwin ndi Kohima, ku Lusaka kuli Arakan ndi msewu wa Burma, ndipo kwathu ku Chipata kuli Gondar. Lililonse la maina awa ndi chikumbutso cha malo amene asilikali a mbali ya Britain anakhetsa mwazi, ndipo pa ambiri a malowo panagwa ana a m'midzi yathu.

Kubwera kwao

Asilikali pobwera anapeza kuti dziko silinasinthe. Munthu amene anayang'anizana ndi imfa limodzi ndi Mzungu ku Burma anafunikabe kuyenda ndi chitupa, kukhoma msonkho, ndi kugula nyama pa kawindo ka kumbali kwa butchala chifukwa khomo lalikulu linali la Azungu okha. Ena anabwerera ku khasu ali chete, ena anapita ku migodi, ena mtima unawawawa kufikira tsiku la imfa yao.

A Nkhata anasankha njira ina. Nkhondo itatha anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, Mngelezi wokhala ku South Africa, amene ankayenda ndi makina ojambulira mau m'midzi ndi m'makomboni a maiko a kuno kummwera ndi pakati pa Africa. Ntchitoyi inali yofuna kudekha. Munthu ankayenera kufika kwa mfumu, kupempha chilolezo, kukhala pansi ndi oimba, kumvetsera, kenaka kulemba dzina la woimba, chinenero chake ndi tanthauzo la nyimboyo. Mzungu anali ndi makina, koma ankafunika munthu wa khutu lakuthwa wodziwa kulankhula ndi anthu mwaulemu. Tracey anakhazikitsa nyumba yosungira nyimbo zimenezi mu 1954, ya International Library of African Music, imene lero ili pa Rhodes University ku South Africa.

Pa ntchito imeneyi a Nkhata anaphunzira chinthu chimene anachigwiritsitsa moyo wao wonse: kuti nyimbo ya pa mtondo, ya pa maliro, ya pa ukwati ndi ya pa bwalo ili ndi nzeru ndi dongosolo lake, ndipo siichepa pamaso pa nyimbo ya dziko lina lililonse.

Pa wailesi ya Lusaka

Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inayamba mu 1941, ndipo cholinga chake choyamba chinali kuuza anthu za mmene nkhondo inkayendera. Nkhondo itatha, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma, Harry Franklin, anaikulitsa kuti itumikire anthu akuda a Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Southern Rhodesia, ndipo inatchedwa Central African Broadcasting Service. Vuto linali lakuti mawailesi anali okwera mtengo. Mu 1949 kunabwera kawailesi kabuluu kooneka ngati poto, kamene Azungu anakatcha Saucepan Special. Kanapangidwa ndi kampani ya Ever Ready, kankayendera batire, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5. M'zaka zowerengeka kanafalikira m'makomboni a ku migodi, m'nyumba za aphunzitsi ndi m'mabwalo a mafumu.

Cha m'ma 1950 a Nkhata analowa ntchito pa wailesi imeneyi monga muulutsi ndi woimba. Potero nyumba imene inamangidwa kuti iulutse za nkhondo inalandira msilikali amene anadza kudzaimba. Anasonkhanitsa anzao a mau abwino ndi kupanga kagulu kotchedwa Alick Nkhata Quartet. Kaimbidwe kao kanali kotenga nyimbo ya kumudzi, kuiyala pa gitala, ndi kulumikiza mau a amuna mofatsa kuti munthu wa m'tauni aimve ngati yatsopano, pamene wa kumudzi akuizindikira kuti njakwao. Imodzi mwa nyimbo zimene anajambula ndi Kalindawalo ni Mfumu, yotchula mfumu yaikulu ya Ansenga a ku Petauke, imene mbiri imailumikiza ndi ufumu wa Undi kuyambira kalekale.

Tisaiwale kuti zimenezi zinkachitika pa nthawi imene mwambo wa Kulamba unali woletsedwa. Atsamunda anauletsa mu 1934, ndipo unadzayambanso ku Mkaika mu 1984. M'zaka 50 zimenezo ana ambiri a ku M'mawa anakulira m'matauni osaona bwalo la kwao. Kwa iwo, kumva chinenero cha mai ao chikutuluka m'kawailesi kunali kuuzidwa kuti mtundu wao ulipo ndipo sunafe.

Ntchitoyi inali ndi minga yake. Wailesi inali ya boma, ndipo m'zaka za 1952 ndi 1953, pamene atsamunda ankakakamiza Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene anthu akuda anachikana, oulutsa mau ankayenera kuwerenga uthenga wa boma lomwelo. Anthu anayamba kuwakaikira. Kunabuka mphekesera zakuti ogwira ntchito pa wailesi ndi a banyama, anthu amene ankati amagwira anzao usiku ndi kuwapopa magazi. Peter Fraenkel, amene ankagwira nao ntchito, anafotokoza za masiku oopsawo m'buku lake lotchedwa Wayaleshi la mu 1959. Kukhala m'nyumba ya mtsamunda uku ukutumikira anthu ako kunali ngati kuyenda pa mlatho wa mtengo umodzi. A Nkhata anaoloka, ndipo anthu sanaleke kukonda mau ao.

Mlangizi wa mabanja

Zaka zimenezo zinali za mayesero kwa mabanja. Mwamuna ankachoka ku Katete kapena ku Chadiza kupita ku Kitwe, ku Wankie kapena ku Salisbury, nkukhala zaka osabwerera. Mkazi ankatsala ndi ana ndi munda. M'tauni munalibe ankhoswe, munalibe atsibweni, munalibe anamkungwi. Achinyamata ankakwatirana osadziwana kwao, ndipo malipiro a mwezi ankatha pa mowa Loweruka limodzi. Nchifukwa chake pologalamu imene anthu ankaikonda kwambiri pa wailesi ya Lusaka inali Zimene Mwatifunsa, mmene munthu ankalemba kalata yopempha nyimbo ndi kupereka moni kwa mkazi wake, makolo ake ndi abale ake akutali.

Nyimbo za a Nkhata zinalowa pa mpata umenewu. Anaimba za chikondi ndi kusiyana, za mowa, za anyamata onyada a m'tauni, za maukwati ogwedezeka chifukwa cha ndalama ndi zovala. Sankakalipa ngati woweruza milandu. Ankaseketsa, ndipo munthu ali mkati moseka ankazindikira kuti nyimboyo ikunena iye. Umu ndi mmene makolo athu ankalangizira: mai wodandaula ankaimba pa mtondo, mwamuna nkumva ali pa khonde, mlandu nkutha popanda kuitana bwalo. A Nkhata anatenga mwambo umenewo nauika pa wailesi, ndipo anakhala ngati nkhoswe ya mabanja ambiri amene sanawaonepo ndi maso.

Zaka za ufulu

Pamene mphepo ya ufulu inayamba kuomba, a Nkhata anapereka luso lao ku nkhondo ina, yopanda mfuti. Anaimba nyimbo zolimbikitsa chipani cha UNIP ndi mtsogoleri wake, a Kenneth Kaunda. Chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963, ndipo pa 24 Okutobala 1964 dziko la Zambia linabadwa. M'boma latsopano anakwera kufikira anakhala mkulu wa wailesi ya dziko lino, ndiponso anatsogolera nthambi ya boma yoona za chikhalidwe. Gulu la oimba limene anayambitsa, la Lusaka Radio Band, linadzatchedwa Big Gold Six Band, ndipo linapitiriza ntchito yokonzanso nyimbo za m'midzi ya zigawo zonse.

Ndi m'zaka zomwezo pamene mudzi wathu uno wa Kafue Estates unamangidwa, kuti mukhale anthu ogwira ntchito m'mafakitale atsopano monga Kafue Textiles ndi Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1970. Makolo athu anabwera kuno kuchokera ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke, napeza kuti khomo loyandikana nalo ndi la Mtonga, linalo la Mlozi, linalo la Mbemba. Madzulo, anthu ataweruka, wailesi inkamveka pa khonde lililonse, ndipo nyimbo ya Chinyanja inkatsatana ndi ya Chibemba popanda wodabwa. Ife amene tinakulira m'nyumba zimenezi tinaphunzira kukhala ndi anzathu a mitundu ina popanda kutaya chathu, ndipo gawo lina la phunzirolo linachokera ku ntchito ya a Nkhata.

Ku munda

Mu 1974 a Nkhata anapuma pa ntchito ya boma. Akanatha kukhala ku Lusaka kumene aliyense ankawadziwa, koma anasamukira ku famu yao ku Mkushi. Anachita monga achitira bambo amene waona dziko mokwanira, amene amafuna kuti masiku ake otsiriza akhale pa nthaka yake, akulima chakudya ndi kukonza pakhomo. Kuimba sanakusiyiretu, koma moyo wao tsopano unali wa khasu ndi mbewu.

Koma nkhondo inali pafupi. Kuyambira pa 11 Novembala 1965, pamene Ian Smith analengeza ufulu wa Azungu okha ku Rhodesia, dziko la Zambia linasunga othawa kwao ndi omenyera ufulu wa Zimbabwe. Gulu la ZAPU la a Joshua Nkomo linali ndi misasa m'malo osiyanasiyana m'dziko muno, ndipo umodzi unali ku Mkushi. Pa 3 Seputembala 1978 asilikali a gululi anagwetsa ndege ya Air Rhodesia pafupi ndi Kariba. Pobwezera, pa 19 Okutobala 1978, ndege ndi asilikali a Smith analowa m'Zambia. Anaphulitsa msasa wa ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo tsiku lomwelo anaukira msasa wa ku Mkushi, mmene munali atsikana ndi amai ambiri. Anthu mazanamazana anafa. Famu ya a Nkhata inali pafupi ndi msasawo, ndipo iwo anaphedwa pa chiwembu chimenecho, ali ndi zaka pafupifupi 56.

Munthu amene anapulumuka zipolopolo za Ajapani ndi malungo a ku Burma, kutsidya kwa nyanja yaikulu, imfa ya mfuti inam'peza kwao, patatsala masiku 5 kuti dziko limene analiimbira likwanitse zaka 14 za ufulu. Zimbabwe inalandira ufulu wake mu Epulo 1980, patangopita chaka ndi theka.

Chimene atisiyira

Mau a a Nkhata sanakwiriridwe nao limodzi. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa nyimbo zao zakale nizitulutsanso pa chimbale chotchedwa Shalapo, kotero kuti anthu a maiko akutali anamva zimene agogo athu ankamva pa kawailesi kabuluu kaja. Izi zinatheka pa chifukwa chimodzi chokha: panali anthu amene anavutika kujambula ndi kusunga.

Pamenepa mpamene pali phunziro lathu. Asilikali a nkhondo ya Hitler pafupifupi onse anatisiya. M'mabanja ambiri kuno ku Kafue ndi kumudzi muli mendulo m'kachitini, chithunzi chofufuma cha mnyamata wovala chipewa cha usilikali, kapena dzina chabe limene agogo ankalitchula. A Nkhata ali ndi msewu, koma anzao zikwizikwi amene anaoloka nao nyanja alibe ngakhale mwala wolembedwa. Ngati ife sitifunsa lero, adzukulu athu sadzapeza womufunsa. Mau a akuluakulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha pali wowasunga.

Tracey ndi a Nkhata ankasenza makina olemera m'misewu ya fumbi. Ife tili ndi lamya za m'manja zimene zimajambula mau ndi zithunzi nthawi iliyonse. Tsono tikupempha banja lililonse la m'nthambi yathu kuti tikapita kumudzi, tikhale pansi ndi agogo amene atsala. Tiwafunse dzina la amene anapita ku nkhondo, mudzi wake, mfumu yake ndi chaka chimene anabwera kapena chimene uthenga wa imfa yake unafika. Tiwapemphe atiimbire nyimbo za pa mtondo ndi za pa ukwati, tilembe dzina la woimba ndi tanthauzo lake, monga anachitira bambo ameneyu. Ndipo tsiku lina tikadzakwera basi ndi ana athu mu msewu wa Alick Nkhata, tidzawauze kuti mwini dzinali anali mphunzitsi, msilikali, muulutsi, woimba ndi mlimi.

Mzimu wao uuse mu mtendere.